Pangani nokha makina otakasira yisiti

Alimi anzanga, nyengo ya mango ikafika tonse timaona zomwe zimachitika. Pamsika mulu umagwa mtengo, pansi pa mitengo pamanunkha zowola, ndipo omwe amadyerera ndi nkhumba ndi ntchentche. Ena mwa inu munayamba kufinya zipatsozi n'kupanga vinyo kuti thukuta lanu lisapite pachabe. Ena mumapanga wa nthochi, ena wa malambe, ena wa chidede. Sabata ino ndikufuna tikambirane za chinthu chimodzi chomwe chimagwetsa ambiri pa ntchitoyi, chomwe ndi kuthira yisiti wochepa ndi wofooka mu ndowa yaikulu. Ndikufotokozeraninso kapangidwe ka makina aang'ono ochulukitsira yisiti, omwe mungathe kupanga nokha ndi zipangizo zomwe ena anataya kale.

Zomwe zinatichitikira

Zaka ziwiri zapitazo ndinkagwira ntchito ndi kalabu ina ya amayi m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima. Amayiwa anatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula shuga wokwana makilogalamu 8 ndi ndowa ziwiri zatsopano za malita 20. Mango anali a m'mitengo yawo yomwe. Yisiti wa vinyo tinali naye paketi imodzi yokha ya magalamu 5, ndipo paketiyo inakhala miyezi ingapo m'nyumba ya malata yotentha. Paketi yotere ikakhala yatsopano imakwanira ndowa imodzi. Ine ndinawauza amayiwo kuti tiigawe pawiri, poganiza kuti yisiti achulukana yekha m'ndowamo.

Tsiku loyamba kunali zii. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Thovu linayamba kuoneka tsiku lachitatu, koma linabwera ndi fungo lachilendo. Patatha sabata ziwiri amayi apampando anandipatsa kapu nati, "Alangizi, talawani. Uyu ndi vinyo kapena ndi viniga?" Ndinalawa, ndipo ndinasowa poyang'ana. Malita 40 anasasa, ngongole ili pakhosi, ndipo langizo lolakwikalo linachokera pakamwa panga.

Cholakwa chathu chinali chakuti tinapatsa mpata tizilombo tina. Madzi a zipatso otsekemera ali ngati munda wolimidwa kumene mvula itagwa. Mukachedwa kubzala, kapena mukabzala mbewu yofumbwa, udzu ndi umene umayamba kumera. M'ndowa zathu zija udzu wake unali mabakiteriya ndi yisiti wakutchire wochokera pa makoko a mango.

Yisiti ndi mbewu yamoyo

Ambiri timaona yisiti ngati ufa wamba wa m'paketi, koma ndi chinthu chamoyo. Ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'gulu la bowa, tosaoneka ndi maso. Mutatindandalika mumzere, toposa 100 tingakwane pa milimita imodzi. Mtundu womwe timagwiritsa ntchito pophika buledi, pofulula mowa ndi popanga vinyo akatswiri amautcha Saccharomyces cerevisiae. Kachilombo kamodzi kamaphuka kamwana pambali pake, kamwanako n'kuthothoka, ndipo zinthu zikakhala bwino chiwerengero chimawirikiza pa maola awiri alionse.

Makolo athu ankadziwa mbali ina ya nkhaniyi ngakhale analibe magalasi oonera tizilombo. Mbiya yofululira masese yomwe yagwira ntchito kale imawiritsa mowa msanga kuposa yatsopano, chifukwa yisiti amatsalira m'kati mwake. Ku France, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, katswiri wotchedwa Louis Pasteur anaonetsa kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya tizilombo tamoyo, ndiponso kuti yisiti akapatsidwa mpweya amachulukana kwambiri. M'chaka cha 1883, Emil Christian Hansen, yemwe ankagwira ntchito ku Carlsberg mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuulera pawokha wopanda kusakanikirana ndi tizilombo tina. Kampani yomweyo ndi imene inatsegula fakitale ku Blantyre m'chaka cha 1968. Kuchokera nthawi ya Hansen, mafakitale a mowa amayamba alera yisiti m'ziwiya zazing'ono asanamuthire m'matanki aakulu.

Mlimi wa fodya sangadabwe nazo. Palibe amene amawaza njere za fodya m'munda. Timayamba ndi nazale, mbande zikule, zikhwime, kenaka n'kuokera. Ndiye botolo lolereramo yisiti tilitche nazale ya yisiti.

Ndinene poyera kuti ngati muli ndi paketi yatsopano, yosungidwa pozizira, ndipo mukupanga ndowa imodzi yokha, nazale siyofunika. Ingomunyikani yisitiyo m'madzi ofunda kwa mphindi 15 n'kuthira. Nazale imafunika pamene yisiti wachepa, wakhalitsa, wakhala potentha, kapena mukufuna kugwiritsanso ntchito yemwe watsalira pansi pa ndowa yapita. Kwa ife okhala kutali ndi tawuni, izi ndiye za masiku onse.

Chifukwa chiyani titakase?

Kutakasa kumachita zinthu zitatu. Choyamba, kumalowetsa mpweya wa okosijeni m'madzi. Yisiti amafuna mpweyawu kuti apange khungu lolimba la ana ake. Ukasowa, amabereka pang'ono n'kuleka. Chachiwiri, kumatulutsa mpweya woipa wa carbon dioxide womwe yisiti amapuma, umene ukachuluka m'madzimo umam'bwezera m'mbuyo. Chachitatu, kumam'letsa kukhala pansi. Yisiti wounjikana pansi pa botolo safikira chakudya chomwe chili pamwamba.

Mungathe kukhutchumula botolo ndi manja nthawi iliyonse mukadutsa pafupi, ndipo zimathandiza kuposa kungolisiya. Koma nazale imafuna tsiku lathunthu ndi usiku womwe, ndipo palibe amene angasiye kumunda kapena kugona kuti azigwedeza botolo. Mthiko nawo sungatheke, chifukwa kutsegulatsegula botolo ndi kulowetsa dothi. Apa ndi pamene maginito amatithandiza. Pansi pa botolo pamazungulira maginito, m'kati mwa botolo muli kachitsulo kakang'ono kokutidwa bwino, ndipo kachitsuloko kamatsatira maginitowo n'kumatakasa botolo lili chivundikirire. Nzeru imeneyi si yatsopano. Arthur Rosinger wa ku America analembetsa makina otere m'chaka cha 1944, ndipo lero amapezeka m'malabotale ambiri, kuphatikizapo momwe amayeza dothi lathu. Ogula m'sitolo ndi okwera mtengo. Anga ndinapanga ndi ndalama yosafika pa mtengo wa nkhuku imodzi yachikuda.

Zofunika kukhala nazo

1. Fani ya m'kompyuta yakufa, ya mphamvu ya 12V, yotalika masentimita 8 mbali zonse. Okonza makompyuta ndi mawayilesi amakhala nazo zambiri.
2. Maginito amphamvu. Abwino ndi a mu hard disk ya kompyuta yakufa. Ndi opindika ngati nyemba, ndipo mu hard disk imodzi mumapezeka amodzi kapena awiri. Pemphani wokonza makompyutayo akumasulireni, poti tizomangira take timafuna sikuludalaiva yapadera. Maginito ozungulira a ku sipika ya wayilesi sathandiza pa ntchitoyi, ndi olemera ndipo sazunguza kachitsulo.
3. Tchaja ya foni ya 5V, kapena adaputa yokhala ndi kosinthira mphamvu kuyambira 3V mpaka 12V, kapena batire la njinga yamoto kaya la sola.
4. Kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro chophwathalala, monga yotengeramo chakudya. Bokosi la matabwa opyapyala lingathenso. Chivundikiro cha chitsulo ayi, chimatsekereza maginito.
5. Mabawuti anayi aatali, aliwonse ndi manati atatu.
6. Chitsekerero cha pulasitiki cha botolo la zakumwa, guluu wolimba ndi tepi ya magetsi.
7. Msomali watsopano wa mainchesi awiri ndi kapaipi ka pulasitiki koyamwira zakumwa.
8. Botolo la galasi la kukamwa kwakukulu, lolowa malita awiri kapena lita imodzi ndi theka, lomwe pansi pake m'kati ndi pophwathalala.

Kapangidwe kake

Yambani ndi kuyesa fani. Ili ndi waya wofiira ndi wakuda, ndipo zina zili ndi wachikasu. Wachikasuyo musiyeni, mumukulunge tepi. Dulani chingwe cha tchaja kumapeto kolowa mu foni, musende, ndipo mupeza wofiira ndi wakuda. Mukapezamonso wobiriwira ndi woyera, amenewo alibe ntchito pano. Lumikizani wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, mukulunge tepi aliyense payekha. Fani ya 12V ikapatsidwa 5V imazungulira pang'onopang'ono, ndipo n'zimene tikufuna. Zina zimafuna kukankhidwa ndi chala kuti ziyambe. Ikakaniratu, yesani adaputa pa 6V kapena 7.5V. Musayerekeze kulumikiza fani ku magetsi a pakhoma mwachindunji. Amenewo ndi 230V, amapha.

Kachiwiri, matani chitsekerero cha botolo chija pakatikati pa fani, pa mutu womwe umazungulira. Ntchito yake ndi kutalikitsa maginito ndi injini ya fani, chifukwa injiniyo ilinso ndi maginito ake, ndipo akayandikana kwambiri fani imakana kuyenda.

Kachitatu, ikani maginito pamwamba pa chitsekererocho. Maginito alionse ali ndi mbali ziwiri zomwe amazitcha N ndi S. Ubwino wa a mu hard disk ndi wakuti mbali ziwirizi zili pa nkhope imodzi, N chakuno, S chauko, kotero amodzi okha amakwanira. Ngati mwapeza timaginito tiwiri tozungulira ngati mabatani, tiikeni motalikirana masentimita awiri ndi theka, kamodzi N m'mwamba, kena S m'mwamba. Kudziwa kwake n'kosavuta: nkhope ziwiri zomwe zimakokana ndi zimene ziyang'ane kumwamba.

Musathamangire guluu. Gwiritsani kaye ndi tepi, muyatse fani muone. Ikamanjenjemera kapena kuyenda pa tebulo ndiye kuti maginito sali pakati. Sunthani pang'ono, muyesenso, mpaka izizungulira mwakachetechete. Ine pamenepa panandidyera madzulo athunthu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakhutira, lembani chizindikiro ndi pensulo n'kumata ndi guluu, muusiye uume usiku wonse.

Kachinayi, boolani mabowo anayi pa chivundikiro cha kontena molingana ndi mabowo a m'makona a fani. Lowetsani mabawuti kuchokera pamwamba, mumange nati imodzi pansi pa chivundikiro, ndipo fani muipachike pakati pa manati awiri otsalawo, maginito atayang'ana kumwamba. Manatiwa amakulolani kukweza kapena kutsitsa fani. Siyani mpata wa mamilimita atatu kapena asanu pakati pa maginito ndi chivundikiro, poti botolo lodzaza limaphwetsa chivundikiro pang'ono. Mitu ya mabawuti isagunde botolo. Boolaninso timabowo m'mbali mwa kontena kuti mpweya uzidutsa ndi kabowo kotulukira waya.

Ngati mugwiritsa ntchito batire la 12V, fani ithamanga kwambiri. Funsani wokonza mawayilesi akuikireni kochepetsera liwiro. Kena kamatchedwa rheostat ya 25 ohms ndi 3 watts, kena kamapangidwa ndi kachipangizo kotchedwa LM317. Kokwezera mawu ka wayilesi sikoyenera, kamapsa. Fani yotere imadya moto wochepa, pafupifupi mawati awiri kapena atatu, kotero batire la sola la panyumba silingadandaule.

Kamthiko ka m'botolo

M'masitolo ogulitsa zipangizo za m'malabotale mumapezeka kamthiko kenikeni, komwe ndi kamaginito kokutidwa ndi pulasitiki yoyera yosapsa. Mukakapeza gulani, kamakhala zaka. Mukakasowa, dulani msomali mutu ndi nsonga, mutsale ndi kachitsulo ka masentimita awiri ndi theka kapena atatu, kofanana kutalika ndi maginito anu. Kakwecheni kasalale, kalowetseni m'kapaipi koyamwira zakumwa, mudule kapaipiko mosiya theka la sentimita mbali zonse. Tenthetsani pulayala pamoto n'kupana nsonga zonse ziwiri kuti zimatike. Kanyikeni m'madzi usiku wonse. Mukaona dontho la madzi m'kati kapena dzimbiri, tayani mupange kena. Pangani titatu nthawi imodzi, chifukwa timasowa msanga.

Tsopano yesani ndi madzi wamba. Ikani botolo pakati, mulisunthe mpaka mumve kamthiko kagwidwa ndi maginito, kenaka yatsani. Pamwamba pa madzi pakaoneka kadzenje kakang'ono, makina anu atheka. Sipafunika dzenje lofika pansi.

Chakudya cha mu nazale

Madzi ndi shuga zokha si chakudya chokwanira. Monga chimanga chimafunira nayitrojeni, yisiti nayenso amamufuna, pamodzi ndi mavitamini. Ndiponso madziwo asatsekemere kwambiri. Shuga akachuluka, yisiti amalimbikira kupanga mowa m'malo mobereka, ndipo amatopa. Muyezo wabwino ndi shuga yense pamodzi magalamu 100 pa lita imodzi, lomwe ndi theka la kutsekemera kwa madzi opangira vinyo. Nazi njira ziwiri zomwe ndimagwiritsa ntchito.

Ya zipatso: theka la lita la madzi a chipatso chomwe mupangire vinyo, osefa bwino pa nsalu kuti ulusi wa mango usakole kamthiko. Onjezani theka la lita la madzi, masupuni aakulu awiri a shuga, madzi a theka la ndimu, ndi supuni ya tiyi imodzi ya yisiti wa buledi. Wiritsani zonse kwa mphindi 15. Yisiti wa buledi ameneyu amafa powira, ndipo mtembo wakewo umasanduka chakudya cha mnzake, ngati manyowa. Ndimu amawawasa madzi pang'ono, zomwe yisiti amapirira koma mabakiteriya ambiri sakonda.

Ya chimera: magalamu 150 a ufa wa chimera cha mawere m'madzi opitirira lita pang'ono. Tenthetsani mpaka madigiri 65, pamene chala sichingakhalitsemo koma madzi asanawire. Phulani, vundikirani, mukulunge poto m'bulangete kwa ola limodzi kuti chimera chitsekemere. Sefani, onjezani masupuni aakulu anayi a shuga, muwiritse mphindi 15.

Botolo, kamthiko, supuni ndi kansalu kovundikirira ziwiritsidwenso. Botolo la galasi muliike m'madzi ozizira n'kuyamba kutenthetsa pamodzi. Mukalithira madzi owira lili lozizira limasweka. Chakudya chija chizizire chili chivundikirire, ndipo kuika poto m'beseni la madzi ozizira kumafulumizitsa. Dontho lake likamveka losatentha pa mkono, thirani m'botolo, osapitirira magawo awiri mwa atatu, kuti thovu lipeze malo. Madzi otentha kufika madigiri 50 amapha yisiti, ndipo ambiri amaphera mbewu yawo pamenepa.

Kuyendetsa nazale

Thirani yisiti wanu, vundikirani ndi kansalu kowiritsa kopinda kawiri, mumange ndi mphira. Musatseke ndi chitsekerero cholimba. Mpweya uyenera kulowa ndi kutuluka, ndipo botolo lotsekedwa lingaphulike. Yatsani makina muwasiye maola 24 mpaka 36. Yisiti amakondwa pa madigiri 20 mpaka 28. Kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kumatentha kuposa apa, kotero sankhani chipinda chozizira, makamaka cha udzu, ndipo mukulunge botolo ndi nsalu yonyowa. Ku Dedza kapena ku Mzimba m'mwezi wa Juni vuto ndi kuzizira, ndiye liikeni m'nyumba mofunda ndipo muonjezere maola.

Nazale yabwino imasintha mtundu. Madzi amachita mbuu ngati tiyi wamkaka, tithovu timakwera m'mbali, ndipo fungo limakhala la buledi kapena la zipatso. Ikanunkha viniga kapena zowola, kaya pamwamba pakayala kakhungu kapena nkhungu, tayani. Kutaya lita imodzi n'kwabwino kuposa kutaya malita 20. Ubwino wina wa nazale ndi womwewu, imakuuzani ngati mbewu ili yamoyo musanawononge shuga. Maola 36 akatha popanda kusintha kulikonse, yisiti wanuyo ndi wakufa.

Kuokera mu ndowa

Nazale ya lita imodzi imakwanira ndowa ya malita 20. Konzani madzi a zipatso tsiku lomwe nazale yapsa, osati kale, kuti asakhale akudikira. Ngati munagwiritsa ntchito madzi a zipatso, thirani zonse nazale ikadali yolusa. Ngati munagwiritsa ntchito chimera ndipo simukufuna fungo lake mu vinyo, zimitsani makina, muike botolo pozizira usiku umodzi. Yisiti adzakhala pansi ngati phala loyera. Tsanulani madzi a pamwamba, mukhutchumule otsalawo n'kuthira. Pothira, gwirani kamthiko ndi maginito ena kunja kwa botolo kuti kasagwere mu ndowa. Nazale ndi madzi a mu ndowa zisasiyane kwambiri katenthedwe.

Mukafuna malita 100, musalumphe. Thirani lita imodzi ija m'malita 10, muzigwedeza pafupipafupi kwa tsiku limodzi, kenaka malita 10 amenewo apite mu mgolo.

Tsono mvetsetsani apa. Mpweya ndi bwenzi mu nazale, koma ndi mdani mu ndowa. Takasani madzi a mu ndowa mwamphamvu kamodzi kokha pa tsiku lothira yisiti. Kuwira kukayamba, tsekani ndowa, muboole chivundikiro, mulowetse kapaipi n'kumata bwino, ndipo nsonga inayo muimize m'botolo la madzi. Mpweya woipa uzituluka ngati thovu, wakunja usalowe. Mabakiteriya opanga viniga amasandutsa mowa kukhala viniga pokhapokha pali mpweya, ndipo amabwera ndi tintchentche tating'ono tokonda zipatso zowola. Makina athuwa asagwiritsidwe ntchito pa vinyo amene wayamba kupsa.

Vinyo akatha kuwira, phala lotsalira pansi ndi mbewu ya ulendo wotsatira. Tapani masupuni awiri kapena atatu ndi supuni yowiritsa, kuchokera mu ndowa yomwe yatuluka bwino yokha, muyambitsire nazale ina. Popanda firiji musalisunge kupitirira masiku awiri. Mukabwereza kanayi kapena kasanu, gulani paketi yatsopano, chifukwa tizilombo tachilendo timanka tichuluka ulendo uliwonse.

Mavuto omwe mungakumane nawo

Kamthiko kakamathawira m'mbali n'kumangovina, pali zifukwa zitatu: liwiro lachuluka, maginito ali kutali, kapena pansi pa botolo ndi potumphuka. Chepetsani mphamvu, kwezani fani ndi manati aja, kapena sinthani botolo. Fani ikakana kuyamba botolo lili pamwamba, maginito akukhuza chivundikiro kapena ayandikira injini. Magetsi akazima usiku musataye mtima. Yisiti safa, amangokhala pansi. Gwedezani ndi manja, ndipo akayaka muonetsetse kuti kamthiko kabwerera pakati.

Machenjezo

Maginito a mu hard disk ndi amphamvu. Amapana zala, amasweka ngati mbale yadothi, ndipo mwana akameza tizidutswa tiwiri tingaboole matumbo. Asungeni patali ndi ana. Mawaya akhale kutali ndi madzi.

Musathire feteleza wa kumunda mu nazale kapena mu ndowa poti mwamva kuti yisiti amafuna nayitrojeni. Feteleza sanapangidwire kudya anthu. Musagwiritse ntchito chigubu kapena mgolo womwe munali mankhwala a thonje, a fodya, a mbozi kapena mafuta a galimoto, ngakhale mutautsuka chotani. Musathire spiriti wa mtundu uliwonse mu vinyo kuti akhale waukali. Anthu achita khungu ndipo ena afa ndi zotere.

Ngati cholinga ndi kugulitsa, yambani mwapita ku khonsolo ya boma lanu kukafunsa za chiphaso, ndiponso ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ngati mukufuna kuika m'mabotolo. Lamulo sililola kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Kwa inu amene simukhudza mowa, dziwani kuti viniga wabwino wa zipatso amayambanso ndi kuwira komweku, ndipo ali ndi msika wake. Kusiyana kwake ndi wathu uja n'kwakuti wopanga dala amayamba wawira bwino mpaka shuga kutha, kenaka n'kupatsidwa mpweya. Wathu anali wosakanikirana ndi zowola, wosagulitsika.

Kubwerera ku kalabu

Nyengo ya mango yotsatira ndinabwerera kwa amayi aja nditanyamula kontena yanga. Sanandilandire ndi nthungululu. Amayi apampando anati, "Alangizi, chaka chatha munatimwetsa viniga. Lero mwabwera ndi wayilesi?" Ndinawapempha kuti tichite monga timachitira pa munda wachitsanzo. Tinakonza mabotolo awiri ofanana, chakudya chimodzi, yisiti wofanana. Lina tinaliika pa makina olumikiza ku batire la sola lomwe amatchajira mafoni, lina tinangolisiya pa tebulo. Patapita tsiku ndi theka tinazimitsa, n'kusiya onse akhale pansi. M'mawa amayiwo anayeza okha ndi rula ya mwana wa sukulu, ndipo phala la m'botolo lotakasa linali lochindikala moonekeratu kuposa linzake.

Ndowa yomwe tinathira nazale imeneyo madzulo inali ikutulutsa thovu m'kapaipi pofika m'mawa. Paketi imodzi inatikwanira ndowa zinayi nyengo yonseyo, ndipo palibe inasasa. Ngongole ija anabweza. Makinawo ndinawasiya konko, ndipo mnyamata wokonza mafoni pa tauni yawo yaing'ono wapangira kale ena awiri.

Alimi anzanga, musandikhulupirire chifukwa ndalemba m'nyuzipepala. Langizo langa linawonongetsapo kale shuga wa anthu. Pangani makinawa mango asanapse, muyese mabotolo awiri monga tinachitira ife, muone ndi maso anu. Shuga mugule pambuyo, nazale itayamba yaonetsa kuti mbewu ili ndi moyo.